Zisumbu za mu Lusaka m'nyengo ya dzinja

Munthu woyenda mu msewu wa Cairo m'mwezi wa October, fumbi likumlowa m'maso, sangakhulupirire kuti mzinda uno uli ndi zisumbu. Dziko la Zambia lilibe nyanja yamcere, ndipo Lusaka anamangidwa pa mtunda wa mamita oposa 1,200. Koma mvula ikakhazikika mu January ndi February, nyumba zambiri za ku Kanyama, Misisi ndi Chawama zimazingidwa ndi madzi, ana napita kusukulu nsapato zili m'manja.

Cifukwa cake cili pansi pa mapazi athu. Cigawo ca kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzinda ndi cathyathyathya, ndipo pansi pake pali thanthwe la laimu lodzala ndi ming'alu ndi mapanga. Mvula ikaculuka thanthwelo limakhuta, madzi natumphuka, natenga zonyansa za m'zimbudzi zokumba ndi kukazithira m'zitsime. Akuluakulu akumbukirabe tsoka la ku Kanyama la mu 1978. Mu 2010 Boma linasamutsira mabanja osowa pogona ku bwalo la Independence, ndipo mu January 2024 bwalo la Heroes linasanduka cipatala ca odwala kolera.

Pocoka m'tauni kulinga ku Kabwata, mlendo aona ngalande ya Bombay, imene inakonzedwa ndi ndalama zocokera ku America pakati pa 2013 ndi 2018. Ndiyo imatenga madzi a ku Kamwala ndi a pakati pa mzinda kupita nawo ku mtsinje wa Ngwerere. Ndi nchito yotamandika, kungoti mabotolo ndi mapulasitiki amene timatayamo amaitsamwitsa.

Msewu ukayamba kukwera kulinga ku Woodlands ndi Kabulonga, zinthu zimasintha. Atsamunda posamutsa likulu kucoka ku Livingstone mu 1935 anadzisankhira malo okwera, ndipo kufikira lero kumayadi kuli mitengo ya mthunzi ndi mipanda italiitali. Pa cithunzi cojambulidwa kumwamba malire ake aoneka poyera: uku kobiriwira, uko malata okhaokha othithikana.

Zithunzi zotere zimasanthulidwa pafupi ndi Chelstone, m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, kumene kuli bungwe la National Remote Sensing Centre lokhazikitsidwa mu 1999. Malemu Edward Mukuka Nkoloso, amene anthu anawaseka mu 1964 pofuna kutumiza mwana wa Zambia ku mwezi, akadakondwa kulowamo. Masetilaiti a Meteosat, amene ali pa mtunda wa makilomita 36,000, amajambula mitambo ya pa Africa kangapo pa ola, ndipo a zanyengo amaona mmene mvula ikuyendera. Ena, monga Sentinel-1, amaona pansi ngakhale kuli mitambo kapena mdima, nasonyeza pamene madzi afika.

Abale athu a pa zisumbu zenizeni, ku Madagascar, Mauritius ndi Comoros, amadalira maso omwewa. Akatswiri a pa cisumbu ca La Réunion ndiwo amalondola anamondwe a m'cigawo cimeneci ca nyanja ya Indian ndi kucenjeza maiko. Namondwe Freddy wa mu 2023 analondoledwa kwa masabata oposa anai kucokera kufupi ndi Australia, nadutsa pa Madagascar ndi Mozambique aliyense akumuona. Komabe atafika ku Blantyre matope ndi miyala ya m'mapiri zinakwirira anthu mazanamazana. Cenjezo linalipo, koma ambiri analibe kothawira.

Pamenepa ndi pamene ife a mu Lusaka tiyenera kuganizapo mofatsa. Cenjezo la a zanyengo limapita ku nthambi yoona za matsoka, ya DMMU, imene ili mu ofesi ya Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, kenaka limamveka pa wailesi ndi pa lamya za m'manja. Nanga mai wa ku Kanyama wocita lendi cipinda cimodzi, atamva kuti mawa kugwa cimvula, anyamule ana ndi mbaula apite kuti? M'kuona kwathu, phindu lalikulu la zithunzizi lili m'zakale zimene zinasungidwa, pakuti zimasonyeza misewu ndi nyumba zimene zimamira caka ndi caka. Makhansala atazitenga mu September, ngalande zoyenera kuyambira kukumba zikadadziwika mvula yoyamba ya mu November isanagwe.