Mantha a Pachiwongolero

Pali abale ena amene amanena kuti Msilamu wokhulupirira qadar sayenera kuopa kuyendetsanso galimoto atachita ngozi. Ife sitigwirizana nawo. Ngakhale Mneneri Musa (AS) adathawa osacheuka ataona ndodo yake ikuyenda ngati njoka, ndipo Allah adamuitana ndi kumulimbitsa mtima.

Kuno kunsi kwa Phiri la Dedza, lija lotalika mamita 2,198, chifunga cha m'miyezi ya June ndi July chimabisa msewu. Tsiku lina minibasi idatigunda kumbuyo pa M1. Alhamdulillah, palibe adavulala. Nyale yosweka idakonzedwa tsiku lomwelo, koma manja athu adanjenjemera pachiwongolero miyezi itatu.

Tidayambira pafupi: pabwalo la mpira itatha Swala ya Fajr, kenaka ulendo wa kumzikiti, kenaka mpaka ku Linthipe, mbale wina atakhala pambali osalankhula zambiri. Tinkawerenga dua ya paulendo ya mu Surat Az-Zukhruf, ndime 13 ndi 14, titayamba tayang'ana matayala ndi mabuleki, pakuti tawakkul imayenda limodzi ndi kumanga ngamira.

Msewu wa Golomoti, umene inu a kunyanja mumakwera pobwera kuno, ndiwo tidaumalizira. Mkulu wina woyendetsa lole adatilangiza kuti m'makona aja tizitsika ndi giya yachiwiri, chifukwa mabuleki akatentha amaleka kugwira, ndipo a matola akamaliza hutala kumbuyo, tizingowapatukira adutse.