Ku Chiradzulu, kwawo kwa nkhuku ya Mikolongwe, mazira amatsata nkhokwe

Msewu wa Midima ukachoka mu Limbe umadutsa ku Bangwe n'kuloza phiri la Mulanje. Galimoto isanapite patali, mlendo amakhala atalowa kale m'boma la Chiradzulu, dera la timapiri ta miyala, minda ing'onoing'ono ya chimanga chosakaniza ndi nandolo, ndiponso midzi yogundana moti n'kovuta kudziwa pamene wina wathera ndi pamene unzake wayambira. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'bomali, lomwe ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Malo ndi ochepa, busa likusowa, ndipo chiweto chimene pafupifupi khomo lililonse lingakwanitse kusunga ndi nkhuku.

Kudera lomweli ndiko kuli Mikolongwe. Dzinali limadziwika m'Malawi monse chifukwa cha nkhuku yakuda bii, ya nthenga zonyezimira mobiriwira ikaima padzuwa. Akatswiri amaitcha Black Australorp, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Australia. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, famu ya boma ya ku Mikolongwe inkaswetsa nkhukuzi ndi kuzigulitsa kwa alimi zili ndi masabata 6, kuti zikakwerane ndi nkhuku zachikuda. Pambuyo pake ntchitoyi inafikanso ku Bwemba mu Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu, koma anthu anapitiriza kuitcha nkhukuyo Mikolongwe.

Chiyembekezo chinali chachikulu, ndipo chinali ndi maziko. Ku Australia thadzi lina la mtunduwu linatchuka litaikira mazira 364 m'masiku 365, pamene thadzi lachikuda loyenda lokha pamudzi limaikira mazira pakati pa 30 ndi 60 pachaka. Komabe ngakhale m'midzi yoyandikana ndi famuyi, dandaulo la amayi, omwe ndiwo eni nkhuku pamakomo ambiri, ndi lomwe limamveka ku Chipata kapena ku Angónia: mathadzi alipo, akudya, akuyenda, koma chisa chauma. Kwa banja lomwe limagulitsa mazira kuti ligule mchere, sopo ndi makope a ana, kapena lomwe mwana wake amaona ndiwo ya nyama mwa apo ndi apo, ili si dandaulo lamasewera.

Ena amati vuto ndi mtundu wa nkhuku. Ena amaloza tambala kuti wakalamba, ngakhale kuti thadzi limaikira ndithu popanda tambala. Ntchito ya tambala ndi yoti mazirawo athe kuswa anapiye. Enanso amakayikira dzanja la munthu. Koma woyenda m'midzi ya Chiradzulu nyengo zosiyanasiyana amaona kuti mazira amachuluka ndi kuchepa motsata nkhokwe, chitsime ndi dzuwa.

Dzinja: madeya akasanduka chakudya cha anthu

Thupi la nkhuku limayamba ladzisamala lokha, kenako zotsala n'zimene limapangira dzira. Thadzi loikira bwino limafuna chakudya cholemera magalamu 110 mpaka 120 patsiku, chokhala ndi zomanga thupi zokwana magawo 16 mpaka 18 pa 100 alionse. Madeya paokha safika pamenepo, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ngakhale madeyawo amasowa. Pachigayo amawalimbirana alimi a ng'ombe zamkaka ndi a nkhumba, omwe ndi ambiri kumapiri kuno, ndipo njala ikakula anthu enieniwo amawagayitsa n'kuphikira nsima. Zaka zaposachedwa zinakulitsa vutoli: namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi midzi m'bomali mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi.

M'dzinja muli ngumbi, chiswe, nyongolotsi ndi msipu, zomwe nkhuku ikadapalasa n'kukhuta. Koma kumene minda yafika mpaka pakhonde, nkhuku zimatsekeredwa kapena kumangidwa mwendo kuti zisafukule mbewu. Thadzi lomangidwa pachingwe, lopatsidwa madeya odzaza dzanja limodzi, silingaikire. Apa m'pamene nkhuku ya Mikolongwe imavutika kuposa yachikuda, chifukwa thupi lake ndi lalikulu ndipo limafuna chakudya chambiri. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: wofuna nkhuku ya mazira ambiri wavomeranso kuidyetsa.

Njira zilipo zosalira ndalama zambiri. Nandolo ndi khobwe wofumbwa kapena wosweka, soya wokazinga n'kusinja, fumbi la usipa kapena matemba losesedwa pamsika, masamba a chammwamba, bonongwe ndi chisoso, zonsezi zikasakanizidwa ndi madeya zimawonjezera zomanga thupi. Soya wosakazinga sagayika bwino m'mimba mwa nkhuku. Chiswe chimakoledwa poika ndowe zouma ndi mapesi onyowetsa mumphika wakale, n'kuuvundikira pafupi ndi chulu usiku wonse. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga kashiamu wokwana pafupifupi magalamu 2, choncho mazira akayamba kutuluka ofewa kapena osweka msanga, nkhuku ipatsidwe zigoba za nkhono, mafupa owotcha kapena zigoba za mazira zokazinga ndi kupera. Kuperako n'kofunika, kuopa kuti nkhuku ingaphunzire kujompha mazira ake omwe.

Masika ndi chisanu: zisa zodzaza, masiku afupiafupi

Kuyambira Epulo, pamene chimanga chikulowa m'nkhokwe ndipo mitondo ikulira, mathadzi amanenepa ndipo kutetera kumamveka khomo ndi khomo. Nthawi yomweyi ndi imene ambiri amakhalira mazira. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15 m'masabata awiri kapena atatu, limawakhalira masiku 21, kenako limayenda ndi anapiye miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndipo nthawi yonseyi siliikira. Ulendo umodzi wotere umatha pafupifupi miyezi inayi, n'chifukwa chake pachaka limangoikira maulendo atatu kapena anayi. Nkhuku yotere sikudwala, ikungogwira ntchito yake ina. Mlimi wofuna mazira odya kapena ogulitsa amasankha mathadzi awiri kapena atatu odziwa kulera kuti ndiwo azikhalira, ndipo kwa enawo amatola mazira tsiku ndi tsiku n'kusiya limodzi loikidwa chizindikiro. Anapiye akafika masabata 4 mpaka 6 angathe kupatulidwa m'kakhola kofunda ndi kotetezeka, make n'kubwerera msanga pachisa.

Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaphimba mapiri a Chiradzulu ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Nkhuku imatha chakudya chambiri podzifunditsa, ndipo kuwala kumachepa. Thupi la thadzi limaikira kwambiri likamaona kuwala kwa maola 14 mpaka 16, pamene kuno usana wa mu Juni umangopitirira pang'ono maola 11, ndipo wa mu Disembala umafika maola 13. Khola lamdima lotsegulidwa mochedwa limafupikitsanso tsikulo. Nkhuku zina zimathothoka nthenga kamodzi pachaka n'kusiya kuikira masabata angapo, popeza nthenga zatsopano zimatenga zomanga thupi zomwe zikadapanga dzira.

Chilimwe: ludzu, utitiri ndi chitopa

Okutobala akafika, zitsime zimaphwa ndipo madzi otungidwa kumjigo amayamba akwanira anthu. Nkhuku zimasiyidwa kuti zikasake pansi pa thandala la mbale kapena kuseri kwa bafa. Koma pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zam'kati mwa dzira ndi madzi, ndipo thadzi limamwa pafupifupi kapu imodzi patsiku, kukatentha n'kufika makapu awiri. Likasowa madzi tsiku limodzi lokha likhoza kusiya kuikira kwa masiku angapo. Kutentha kukapitirira madigiri 30 nkhuku imapuma mwawefuwefu, imachepetsa kudya, ndipo zigoba zimapyapyala. Phale la madzi oyera loikidwa pamthunzi limabweza mazira ambiri kuposa mankhwala ogula.

M'nyengo yotenthayi utitiri ndi nsabwe zimaswana m'ming'alu ya khola ndi m'udzu wa m'zisa. Zimayamwa magazi usiku, ndipo thadzi limawonda, nkhope n'kuyezuka, mwinanso kuthawa chisa. Kusesa khola, kutentha udzu wakale, kumata ming'alu ndi kuika phulusa losakaniza ndi mchenga poti nkhuku zizisambamo kumathandiza kwambiri. Njoka za m'mimba nazo zimaba chakudya mwakachetechete. Mlangizi wa ziweto ndiye angalangize za mankhwala ake ndi masiku oyenera kudikira mazira asanayambenso kudyedwa.

Mdani wamkulu ndi chitopa, chomwe ena amati chideru, ndipo chimakonda kubuka m'chilimwe. Chisanayambe kupha, mazira amatsika mwadzidzidzi, ena n'kutuluka opanda chigoba kapena opindika. Kenako nkhuku zimazyolika, kutsegula m'mimba mobiriwira ndi kupotoka khosi. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, koma chili ndi katemera. Wa I-2, yemwe anapangidwa koyamba ku University of Queensland ku Australia ndipo amapirirako kutentha, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, miyezi inayi iliyonse. Amaperekedwa kwa nkhuku zathanzi matenda asanafike. Nkhuku yogulidwa pamsika kapena yolandiridwa ngati mphatso iyenera kukhala payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake.

Mazira amene anaikiridwa koma sanafike m'nyumba

Nthawi zina thadzi silinasiye kuikira. Lapeza malo m'tchire, pansi pa nkhokwe kapena m'munda wa nandolo, ndipo mazirawo akudyedwa ndi galu, khwangwala, likongwe, ng'azi kapena njoka. Mlimi angadziwe poligwira n'kupapasa mafupa awiri a kumbuyo, pafupi ndi potulukira dzira: ngati zala ziwiri kapena zitatu zikulowa pakati pake, likuikira, ngati chikulowa chimodzi chokha, lapumula. Popeza mazira ambiri amaikiridwa m'mawa, kuchedwetsako kutsegula khola kwa masiku ochepa, madzi ndi chakudya zili momwemo, kumaliphunzitsa kugwiritsa ntchito chisa. Chisa chimodzi chamdima ndi chouma chimakwanira mathadzi anayi kapena asanu.

Palinso ukalamba. Msoti wachikuda umayamba kuikira uli ndi miyezi 6 kapena 7, ndipo mazira amachepa chaka ndi chaka thadzi likapyola zaka ziwiri. Misoti ikagulitsidwa pakagwa vuto, m'khola mumatsala nkhalamba zokhazokha.

Wogwira ntchito zachitukuko akafika pakhomo pamene mazira achepa, ayambe wafunsa kuti ndi mwezi wanji, nkhuku zadya chiyani kuyambira m'mawa, zamwa kuti, ndi zingati zikukhalira kapena kulera, ndiponso katemera zinalandira liti. Ayang'ane pansi pa mapiko ndi m'ming'alu ya khola, kenako apapase mathadziwo limodzi ndi limodzi. Mafunsowa akayankhidwa, ndi pamene nkhani yogula tambala wa Mikolongwe ingayambike, ndipo iyambike limodzi ndi funso loti madeya a mu Febuluwale adzachokera kuti.