Ku Namitete, Kukafuna Mnyamata wa Kabaza

Tinakwera minibasi mu Lilongwe m'mawa wa Lachitatu, mwezi wa Meyi, tili atatu a m'gulu lathu la zaumoyo. Nyengo imeneyi msewu wa ku Mchinji umanunkhira fodya. Malole odzaza mabelo ankatiphonya akuthamangira ku okushoni ku Kanengo, ndipo pa Mpingu ndi pa Msundwe panali piringupiringu wa ogulitsa kaunjika, mbatata ndi nzimbe.

Mlendo m'dera lino amadabwa ndi chinthu chimodzi. Chigwa chonse ndi minda yokhayokha, mitengo inapita ku zigafa ndi ku nkhuni, koma apa ndi apo pamaoneka kankhalango kowirira. Amenewo ndi manda, pakuti Achewa sadula mtengo kumanda mwachisawawa. Ife a zaka za m'ma 40 timaziyang'ana mosiyana nkhalangozi, chifukwa tinakula pamene zinkadzaza. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985, koma kwa zaka zambiri dzinalo silinkatchulidwa pamaliro. Tinkangoti kaliwondewonde, kapena matenda a boma, kapena kuti anamulodza. Adzukulu ankati akakwirira kuno, uthenga wina wafika kale. Maliro sasankha nyengo, choncho makasu ankasiyidwa m'munda nthawi yopalira, ndipo njala inkatsatira. Mpaka mu 2004, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti m'bale wake anamwalira ndi Edzi, ambiri tinaona ngati waulula zosayenera kuulula.

Tinatsika pa Namitete n'kulowera ku chipatala cha St Gabriel's, chimene masisitere a Chikatolika ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959. Aliyense wogwira ntchito yoyendera odwala m'midzi ayenera kuidziwa mbiri ya malo ano. Kale anthu odzipereka ankayenda mitunda italiitali, wapansi kapena panjinga, kudzangonena kuti wodwala wakutiwakuti wafooka, kapena kuti wasiya kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Mu 2008 wophunzira wina wa ku yunivesite ya Stanford ku America, Josh Nesbit, anabwera ndi mafoni a m'manja pafupifupi 100 ndi kompyuta imodzi yokhala ndi pulogalamu ya FrontlineSMS. Odziperekawo anayamba kutumiza uthenga wapafoni m'malo moyenda tsiku lonse, ndipo namwino ankadziwiratu mudzi woti apite ndi zoti anyamule. Ntchito imeneyi inakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, limene linafika kumaiko ena. Timakonda kuwauza izi achinyamata amene amaganiza kuti zanzeru zonse zimayambira m'tauni.

Koma sitinabwerere mbiri. Mnzathu wina wodzipereka wa m'dera lino anatiitana chifukwa agogo ena anamupempha thandizo. Anatichenjeza kuti tivule malaya athu olembedwa zaumoyo. "Mukalowa m'mudzi ndi malaya amenewo, dzuwa lisanalowe aliyense adziwa nyumba imene ili ndi wodwala," anatero. Tinapita ngati alendo wamba, pa njinga zamoto, mumsewu wafumbi wolowera kumpoto, mbali ya ku Nsaru ndi ku Kabudula.

Agogowo tinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Anatiyalira mphasa, ndipo titalonjerana anayamba okha nkhani. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, atatu ali m'kankhalango kamene tinkakaona kuseri kwa munda wawo. Womaliza kumwalira anali mwana wamkazi, amene anasiya khanda lobadwa mu 2003. Ma ARV aulere anayamba m'zipatala za boma mu 2004, poyamba m'malo owerengeka, ndipo mayiyo sanawapeze nthawi yabwino. Mwanayo anabadwa nako kachilombo. Agogo anamulera ndi phala la Likuni, kumubereka kumsana kupita naye kuchipatala mwezi ndi mwezi, kabuku kake ka kuchipatala atakakulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula. Lero ndi mnyamata wamphamvu, amapalasa kabaza pamsika.

"Ndinakwirira atatu, ana anga," anatero agogo. "Uyu ndinamulanditsa ndi manja angawa. Tsopano botolo lake ndalipeza padenga, lodzaza."

Mwana wobadwa lero ali ndi mwayi umene mnyamatayu analibe. Mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo pa ma ARV a moyo wonse, njira yotchedwa Option B+, imene maiko ena anadzatengera. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala osadikira kuti adwale, ndipo kuyambira 2019 ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi dolutegravir. Akalipentala amene ankakhoma mabokosi a maliro okhaokha anabwerera ku mipando ndi mabedi. Komabe anthu pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno ali ndi kachilomboka, ndipo pakati pawo pali m'badwo uwu umene unabadwa nako, umene tsopano wafika pofuna banja. Ntchito yathu kale inali yosambitsa odwala ndi kuwatembenuza pamphasa. Masiku ano ndi yofufuza anthu ooneka athanzi amene asiya kupita kukatenga mankhwala, ndipo kunena zoona, ya masiku anoyi imafuna kuleza mtima kwambiri.

Mnyamatayo anafika masana, njinga ili ndi katsamiro kofiira kumbuyo. Atationa nkhope inagwa. Wamkulu wa gulu lathu, bambo a zaka zoposa ife tonse, anamutengera pansi pa mtengo wa mango, ife tinatsala ndi agogo kusenda mtedza. Patapita nthawi anatiitana, mnyamatayo atavomera yekha.

Sanasiye chifukwa cha ulesi. Anapeza mtsikana pamsika, ndipo akufuna kutumiza ankhoswe akagulitsa mtedza. Botolo la mankhwala limalira m'thumba njinga ikamadumpha m'mabampu, ndipo tsiku lina mtsikanayo anafunsa kuti chikulira n'chiyani. Anayankha kuti ndi zitsulo za njinga. Usiku womwewo analibisa padenga. Panali patatha miyezi iwiri.

"Ndimuuza bwanji, bambo? Aganiza kuti ndine woyendayenda. Ine sindinalakwe kanthu."

Sitinamutsutse, chifukwa zimene ananenazo n'zoona. Tinamufotokozera zimene ankazidziwa mwa theka. Munthu akasiya ma ARV, tizilombo timachulukanso m'magazi m'masabata ochepa iye akudzimva bwinobwino, ndipo kumwa modumphadumpha kungachititse kuti mankhwalawo asiye kugwira ntchito. Koma amene amamwa tsiku lililonse mpaka tizilombo tosaonekanso poyeza magazi sapatsira mkazi wake, ndipo angathe kubereka ana opanda kachilombo. Apa anadzutsa mutu. Anatifunsa kawiri ngati tikunena zoona. Tinamuuza kuti akafunsenso namwino, ndiponso kuti kuchipatala aliko alangizi amene amathandiza anthu awiri kuyezetsa ndi kumva zotsatira limodzi, kuti mawu oyambawo asachite kuwasenza yekha. Tinamuletsa kungoyambiranso botolo la padengalo asanaonane ndi achipatala, ndipo za kulira kwa botolo, mmodzi wa ife anamuuza kuti azilisiya kunyumba n'kumamwa usiku pogona, akagwirizana ndi namwino za nthawiyo.

Agogo anatipatsa mtedza m'kathumba, ndipo mnyamatayo anaumirira kunyamula mmodzi wa ife mpaka pamsewu osalandira ndalama. Tinafika mu Lilongwe kutada.

Lachiwiri lotsatira mnzathu wa ku Namitete anatifulasha, ife n'kumuimbira. Anati mnyamatayo anapita kuchipatala, anamuyambitsanso mankhwala, ndipo anamupatsa tsiku lodzayezetsa magazi. Tinafunsa za mtsikana uja. Anati sanamuuzebe, koma wafunsa kuti alangizi a anthu awiri aja amapezeka masiku ati.