Mapazi a Dzulo ndi Mpando wa Mphunzitsi

Amalawife amene tikukhala ku Buffelspoort, m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, tili ndi nkhani ziwiri zosatha pakamwa: mtengo wotumizira katundu kumudzi ndi mpira wamiyendo. Ena mwa ife amagwira ntchito m'minda, ena m'malo ogona alendo a m'mbali mwa damu, enanso m'migodi ya platinum ya cha ku Marikana. Tikakumana Lamulungu masana, nkhani ya mpira imayambira pa masewero a dzulo lake, koma posakhalitsa imabwerera kwa anthu amene anavula nsapato kalekale. Ndaona kuti wosewera wopuma timamukonda kuposa amene akali m'bwalo, ndipo chikondi chimenechi chimasanduka msampha iye akangokhala mphunzitsi wa timu.

Kufikira mu 2018 tinali ndi timu yapafupi, Platinum Stars, imene eni dera ankaitcha Dikwena, kutanthauza ng'ona, chizindikiro cha mtundu wa Bafokeng. Inkasewera pa bwalo la Royal Bafokeng ku Phokeng, pomwe paja Ghana inagonjetsera United States 2-1 pa mpikisano wa dziko lonse wa 2010. Ife sitinkapitirako ng'ona ayi. Tinkalumikiza matakisi kudzera m'tauni ya Rustenburg kuti tikaone Robert Ng'ambi, mwana wakwathu wosewera pakati, amene anabwera mu 2011 kuchokera ku Black Leopards. Mu 2013 timuyo inatenga zikho ziwiri, MTN8 ndi Telkom Knockout, ndipo kawiri konseko inapambana Orlando Pirates m'ndime yomaliza. Apo n'kuti patangopita chaka chimodzi chichitikireni zoopsa za pa 16 August 2012, pamene apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi ku Marikana. Mpira sunapukute misozi imeneyo. Komabe m'dera limene mlendo amayenda atazolika, kumva eni nthaka akufuula dzina la Ng'ambi kunali ngati kupatsidwa mpando pakhomo pa eni.

Mu 2018 timuyo inatuluka mu ligi yaikulu, inagulitsidwa, ndipo inasamukira ku Cape Town komwe inatenga dzina la Cape Umoya United. Chimene chinatitsalira ndi chikumbukiro basi. Timu imagulitsidwa monga galimoto, koma chigoli chimene munthu anachiona ndi maso ake palibe angamulande.

Pakati pathu pali mkulu wina wochokera kunyanja, amene tonse timangowatchula kuti amalume. Tikayamba kutama Ng'ambi, iwo amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ana inu, mpira munauonera kuti?" Kwa iwo mpira ndi Ernest Mtawali, amene m'masiku a tsankho ankasewera ku Bloemfontein Celtic pogwiritsa ntchito dzina lakuti Chirwali, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dziko lino mu 1985. Akapitirira pamenepo amafika kwa Kinnah Phiri ndi zikho za kum'mawa ndi pakati pa Africa zimene Malawi inatenga mu 1978 ndi 1979. Achinyamata amene anakulira pa wailesi yakanema amaika patsogolo Patrick Mabedi, amene anavala lamba wa ukaputeni ku Kaizer Chiefs. Mbadwo uliwonse uli ndi wake, ndipo aliyense akamateteza wosewera wake amakhala akuteteza unyamata wake womwe.

Chodabwitsa n'chakuti atatu onsewa anadzakhala aphunzitsi a Flames, ndipo onse anachoka pampandowo pakamwa pa anthu pali pazii. Kinnah Phiri anatenga timuyo mu 2008, naifikitsa ku mpikisano wa mayiko a mu Africa wa ku Angola mu 2010, patapita zaka 26 chifikireni komweko mu 1984. Kumeneko tinagonjetsa Algeria 3-0, ndipo usiku umenewo ife a ku Joni tinayimbirana mafoni mpaka mayunitsi kutha. Koma mu January 2013 anachotsedwa ntchito. Mtawali anakhala pampandowo mu 2015 n'kuchokapo mu 2016. Mabedi anaulandira mu 2023, ndipo 2024 isanathe anali atachoka. Ndinamva ndi makutu anga anthu omwe ankalumbirira mayina amenewa akuwanyoza ngati sanawaombereko m'manja. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Kodi vuto lili pati? Ndikuganiza kuti timasokoneza ntchito ziwiri zosiyana. Wosewera ali ndi mpira kumapazi kwake, ndipo akafuna kusintha masewero amangochita. Mphunzitsi amaima kunja kwa mzere, manja m'thumba, kudalira miyendo ya eni. Luso limene thupi lake linkachita mosaganiza ayenera kulisandutsa mawu, ndipo si aliyense wodziwa kuvina amene amatha kufotokoza kayendedwe ka phazi. Mphunzitsi wa timu ya dziko ndiye ali pamoto weniweni: osewera ake amwazikana m'matimu a mayiko osiyanasiyana, amakhala nawo masiku owerengeka masewero asanachitike, ndipo nkhani za malipiro ndi mabwalo sizili m'manja mwake. Koma ife ochemerera sitiona zimenezo. Tikamuona pabenchi timaona mnyamata uja wa kale, ndipo timafuna kuti atibwezere masana amene tinamuonera tili ndi mano onse. Ngongole imeneyo palibe mphunzitsi angaibweze.

Nkhani ya John Maduka imandiphunzitsa china. Iye anasewera ku Bloemfontein Celtic, nakhala zaka zambiri akutumikira timuyo kunja kwa bwalo asanapatsidwe mpando wa uphunzitsi mu 2020, ndipo chaka chomwecho timuyo inafika m'ndime yomaliza ya chikho cha Nedbank. Celtic itagulitsidwa mu 2021 n'kukhala Royal AM, iye anapita nayo ku KwaZulu-Natal ndipo inamaliza ligi pa nambala yachitatu. Uphunzitsi anauphunzira pang'onopang'ono monga mmene munthu amaphunzirira umisiri uliwonse, osati kuulandira ngati mphotho ya zigoli zakale.

Pempho langa kwa anzanga okonda mpira ndi lochepa. Mphunzitsi timuweruze ndi ntchito ya uphunzitsi, ndipo akalephera achoke monga amachokera wina aliyense. Koma wosewera uja tisamuchotse naye limodzi. Ife amene tili kutali ndi kwathu tilibe chuma chambiri chotere choti n'kumachitaya pa mkwiyo wa Loweruka limodzi. Ana athu obadwira kuno, amene amayankhula Chitswana bwino kuposa Chichewa, tsiku lina adzafunsa kuti Amalawi anasiya chiyani m'dziko lino kupatula thukuta la m'migodi ndi m'minda. Tidzafunika mayina amenewa ali athunthu.