Malangizo a Mayi kwa Mwana Wawo pa Kasokedwe ka Chofunda cha Zigamba

Kwa mwana wamkazi wokondedwa amene akupita ku Lusaka kukaphunzira,

Kalatayi ikuchokera kwa mayi ake ku Bundabunda, dera la Asoli lomwe lili kum'mawa kwa tauni ya Chongwe motsatira msewu wa Great East, ndipo ikutsagana ndi chofunda cha zigamba, ndiko kuti chofunda chosokedwa polumikiza zidutswa za zovala zakale, makamaka matisheti, mpaka zitakwana bedi lonse. Mwanayo adzachifunda m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, komabe cholinga chachikulu cha mayi ake ndi chakuti aphunzirepo kasokedwe kake, popeza m'tauni mphatso zimafunika pafupipafupi kuposa mmene thumba la wophunzira lingakwanitsire.

Ku Lusaka mwanayo adzaitanidwa ku kitchen party, phwando la akazi limene limachitika ukwati usanafike, komwe mphatso imatsegulidwa anthu onse akuona ndipo woibweretsayo amafotokoza ntchito yake nkuvina. Kuopa manyazi a pabwalo lotere kumakokera atsikana ena kwa okongoza kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chokwera imene ku Malawi amati katapira, ndipo mayi ake akuletseratu zimenezi, chifukwa phwando limatha madzulo omwewo pamene wokongozayo amagogoda pakhomo mwezi ndi mwezi. Chofunda chosoka yekha chimadya nthawi yambiri ndi ndalama zochepa, choncho ntchitoyo iyambike miyezi iwiri tsikulo lisanafike.

Matisheti akaperewera, mwanayo akasankhe ena pa milu ya salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja zimene zimafika zomangidwa m'mabelo nkumagulitsidwa m'misika ngati Soweto. Malondawa anakula kwambiri boma la Frederick Chiluba litatsegula zipata za malonda pambuyo pa 1991, nthawi yomwe mafakitale a nsalu a ku Kafue ndi Kabwe anayamba kufooka, ndipo wofufuza wina, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lonse lofotokoza za malondawa m'chaka cha 2000. Mabanja amene ankadalira mafakitalewo ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, koma wosoka sangakane kuti m'miluyo mumapezeka matisheti a thonje lokhuthala pa mtengo wotsika, makamaka belo likatsala pang'ono kutha.

Vuto lenileni la ntchitoyi lagona pa nsalu ya tisheti. Chitenje ndi nsalu yowombedwa, yomwe ulusi wake umapingasana motero siitamuka kwenikweni, pamene tisheti ndi yolukidwa, ndipo ikadulidwa imatamuka ndi kupindika m'mphepete, kotero kuti ngodya za zigamba sizikumana polumikiza. Mankhwala ake ndi nsalu yolimbitsa imene atelala amaika m'makolala, yokhala ndi guluu mbali imodzi amene amasungunuka akamva kutentha: imamatidwa kuseri kwa tisheti ndi simbi chigamba chisanadulidwe, ndipo ikasowa, tishetiyo isokeredwe pa chidutswa cha nsalu yakale yoyala pabedi. Simbi ya makala isakhudze zolembedwa za kutsogolo chifukwa utoto wake umasungunuka, komanso jezi ya mpira, monga zija zinadzaza dziko timu ya Zambia ya Chipolopolo itagonjetsa Côte d'Ivoire ku Libreville mu 2012, ndi ya poliyesita ndipo imapsa msanga ikasitidwa popanda kansalu konyowa pamwamba.

Zovala zonse zichapidwe kaye padera kuti zotuluka mtundu zidziwike. Kenako mwanayo adule katoni ya masentimita 35 mbali zonse zinayi, ikhale muyeso wa chigamba chilichonse, ndipo asiye sentimita imodzi ya msoko m'mphepete. Zigamba 20, zinayi m'lifupi ndi zisanu m'litali, zimapereka nsalu ya masentimita pafupifupi 132 ndi 165, imene mpendero wa chitenje ungaitalikitse. Pansi pake paikidwe bulangete lakale lopepuka, kenako chitenje cha kuseri, ndipo nsalu zitatuzi zigwiridwe pamodzi ndi misoko kapena mfundo za ulusi wokhuthala, zotalikirana ngati chikhatho, kuyambira pakati kupita m'mbali, apo ayi bulangetelo lidzaunjikana mbali imodzi pa kuchapa koyamba.

Kusankha zovala kumafuna nzeru zoposa kusoka. Tisheti ya kwaya ya kutchalitchi, ya masewera a kusukulu, kapena ya mwambo wa Chibwela Kumushi, umene anthu a Mfumu Bundabunda amachita atatha kukolola, imauza wolandira mphatso kumene woperekayo akuchokera, ndipo ndiyo yoyenera kukhala pakati. Matisheti a zipani zandale, ngakhale amagawidwa ulere pa chisankho chilichonse, asalowe m'chofundacho, chifukwa chidzayalidwa m'nyumba imene mudzalowa alendo a maganizo osiyanasiyana, ndiponso chofunda chosokedwa bwino chimakhalitsa kuposa maboma ena.

Pa zovala za omwalira mayi ake akulankhula mwamphamvu. Kunja anthu amasoka zofunda zokumbukira akufa, monga chija cha omwalira ndi Edzi chimene chinayalidwa koyamba ku Washington mu 1987, koma kuno zovala za malemu zimakhala m'manja mwa banja mpaka akuluakulu atazigawa. Mwanayo asaike lumo pa malaya a agogo ake aamuna amene anamugawira pamaliro asanafunse amalume ndi azakhali ake, ndipo iwo akakana, malayawo akhale m'sutikesi ali athunthu.

Mayi ake,
ku Bundabunda