Funso Limene Tinkalilumpha pa Phunziro la Germany

Mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsako mbiri ya dziko la Germany m'nthaŵi ya Adolf Hitler amalidziŵa funso lija. Tikatha kufotokoza za zaka za 1933 mpaka 1945, ndi za Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa, mwana wina amakweza mkono nati, "Nanga anthu wamba anali kuti? Bwanji sanakane?" Kwa zaka zambiri ife tinkangoyankha kuti ankaopa, n'kutembenukira ku bolodi. Yankho limeneli si labodza ayi, koma ndi lopereŵera, ndipo ife amene tinayamba uphunzitsi kuno ku Kasungu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 tinkadziŵa kupereŵera kwake.

Munthu wamba wa ku Germany ankadzuka, napita ku ntchito, nakwatitsa ana ake monga mwa masiku onse. Ambiri anakondwa poona ulova ukuchepa. Ulamuliro unkam'peza pa tinthu tating'ono: moni wokweza mkono, chitini cha zopereka za nyengo yozizira chimene sakadayerekeza kuchikana, mkulu wa chipani woyang'anira nyumba zingapo. Apolisi achinsinsi a Gestapo sanali ochuluka. Nkhani zambiri ankazimva kwa anansi. Pofika 1937, aphunzitsi oposa 9 mwa 10 alionse anali ataloŵa bungwe la aphunzitsi la chipani cha Nazi.

Sitikunena kuti Malaŵi wa Dr. Kamuzu Banda anali Germany wa Hitler. Kuno kunalibe misasa yophera mtundu wathunthu wa anthu, ndipo wophunzira ayenera kukumva bwino kusiyana kumeneku. Chimene tikunena n'chakuti kukhala chete kwa munthu wamba sitinakuphunzire m'buku.

Dziko lathu linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Ngwazi inakhala Pulezidenti Wamuyaya. Khadi la chipani ndilo linali khomo la msika, la basi, nthaŵi zina ngakhale la chipatala. Anyamata a malaya ofiira ankaima pa chipata, ndipo mayi wosenza dengu la nyemba ankayamba wapisa m'mpango asanatule. Ku minda nako kunali lamulo lake. Kufikira 1990 mlimi wa m'mudzi sankaloledwa kulima fodya wa bale kapena woŵamba m'mabani pa munda wakewake. Mbewu zimenezi zinali za maesiteti. Motero bambo ankasanduka tenanti, natenga chimanga pa ngongole, nagulitsa fodya kwa mwini esiteti pa mtengo umene mwiniyo wanena. Ana ake ankasoŵa m'kalasi nyengo yothyola ndi yosoka, ife osafunsa kanthu.

Komabe tikadakhala onama tikadati anthu ankangolira. Kamuzu anali mwana wa kuno. Pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, tinanyadira ndithu, ngakhale ana athu ambiri ankakhala pansi pa mtengo. Amayi ankavina ndi mtima wonse, ena ankavina ndi mantha, ndipo poyang'ana bwalo sukadatha kuwasiyanitsa. Kaŵirikaŵiri anali munthu mmodzi yemweyo.

Chimene chimatiŵaŵa mpaka lero ndi kaundula. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, ankakana kugula khadi, monganso anzawo a ku Germany anakanira moni wa Hitler naponyedwa m'misasa. Mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, ndipo zikwi zambiri zinathaŵira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia. M'kalasi mwathu malo ena anakhala opanda munthu. Tinatenga rula, tinadula mzere pa maina aja mosamala kuti kaundula asade, tinalemba kuti asamuka. Palibe anatiopseza tsiku limenelo. Mu 1989, pamene aphunzitsi ochokera ku Mpoto analamulidwa kubwerera kwawo, tinawathandiza kukweza katundu pa lole. M'maŵa mwake tinagaŵana makalasi awo, ena a ife ndi nyumba zomwe.

Tsono inu amene mukukonzekera ntchitoyi, mwana akakufunsani funso lija musathamangire kuliyankha. Njira imene ife tinaipeza mochedwa ndi yotuma ana kwa agogo awo ndi mafunso a zinthu zogwirika: khadi ankagula kuti, ankalisunga pati, tsiku la msonkhano kumunda kunkapita ndani, belo la fodya linkalipidwa motani. Muwauze kuti asabwere ndi dzina la munthu. Pa benchi limodzi pamakhala mdzukulu wa amene ankagulitsa makhadi ndi mdzukulu wa amene anathaŵa, ndipo onseŵa ndi ana anu. Mayankho akabwera, muwaike pambali pa nkhani za ku Germany, ana apeze okha pamene pafanana ndi pamene pasiyana.

Msungwana wina anabwera wopanda yankho. Anati agogo ake atamva funso anayang'ana ku khomo, natsitsa mawu, nafunsa kuti wam'tuma ndani. Apo n'kuti patapita zaka zoposa khumi chichitikire riferendamu ya pa 14 June 1993. Kalasi inaseka, koma mnyamata wa kumbuyo sanaseke. Anakweza mkono nati, "Nanga inuyo, aphunzitsi, munali kuti?" Tinaika choko pa tebulo, n'kuwauza za rula ija.