Kulima M'madzi: Kalata Yochokera ku Leeds

Okondedwa Achimwene,

Kuno chisanu chafika, dzuwa likulowa isanakwane 4 koloko. Munafunsa za botolo lachitsulo lili pansi pa thanki ya nsomba pachithunzi ndinakutumizirani chija. Nkhani yake ndi ya ulimi, ndiye ndati ndikulembereni bwinobwino ngati mlimi mnzanga.

M'thanki yagalasi ija ndimalima zomera za m'madzi. Kwathu tikamakamba za munda timatchula mvula, mbewu ndi fetereza. Mpweya sitiutchula chifukwa chimanga chimaupeza chokha. Komatu chomera mukachiumitsa, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi carbon, ndipo chimamutenga mu mpweya wa carbon dioxide. M'madzi mpweyawu umayenda mochedwa kwambiri, kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi kunja. Choncho ukayatsa magetsi owala kwambiri koma mpweya uli wochepa, zomera zimanyentchera, ndere n'kulanda thanki yonse. Anatchukitsa njira yowonjezera mpweyawu ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe anayambitsa kampani ya Aqua Design Amano mu 1982 ndipo anamwalira mu 2015.

Ambiri kuno timagwiritsa ntchito botolo lozimitsira moto la makilogalamu 2, la mtundu wa carbon dioxide. Mphamvu ya mpweya m'kati mwake imaposa ma bar 50, ndiye liyenera kuimikidwa chilili, lomangidwa, kutali ndi chotenthetsera nyumba. Pakamwa pake timamangapo regulator, yomwe imatsitsa mphamvuyo kufika ma bar awiri kapena atatu. Kenako pali solenoid, valavu yamagetsi yotsegula ndi kutseka motsatira nthawi imene waitchera, ndi kavalavu kena kopotokola ndi zala. Mpweya umadutsa m'kabotolo kamadzi momwe umawerengamo tithovu, n'kudutsanso pa valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, mpaka kukafika pa diffuser m'thanki, yomwe imauphwanya kukhala tithovu tosalala tosavuta kusungunuka. Polumikiza paliponse ndimapakapo madzi asopo. Pakachita thovu ndiye kuti pakutuluka mpweya.

Kulumikiza si kovuta. Chovuta ndi muyezo, chifukwa mpweya womwe ukudyetsa zomerawu ukachuluka umapha nsomba. Timafuna pafupifupi mamiligalamu 30 pa lita imodzi. Choyezera chake ndi kagalasi kotchedwa drop checker, kokhala ndi mankhwala osintha mtundu: buluu ndiye kuti mpweya wachepa, kubiriwira wakwana, chikasu wapyola. Koma kagalasika kamachedwa, kamakuuza zimene zinalipo ola limodzi kapena awiri apitawo. N'chifukwa chake umapotokola kavalavu pang'ono chabe, n'kudikira mpaka mawa, ndipo umachita zimenezi tsiku limene uli pakhomo. Nsomba zikayamba kukhamukira pamwamba, kukamwa kuli yasa, usadikire kagalasi: tseka mpweya, vundula madzi pamwamba, sinthako ena. Mpweya umatsegulidwa kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti magetsi ayake, n'kutsekedwa asanazime, poti usiku zomera nazo zimapuma okosijeni ngati nsomba.

Wina mwa ana anu akafuna kuyesa, safunika botolo lachitsulo. Shuga, yisiti ndi madzi ofunda m'botolo lapulasitiki zimatulutsa mpweya womwewu, uja umafufumitsa mandasi. Vuto lake n'lakuti sungalitseke, likhoza kuphulika, ndipo mphamvu yake imatsika pakapita sabata ziwiri kapena zitatu. Limayenera thanki yaing'ono, ndipo usiku azingochotsa paipi m'madzi.

Munafunsanso chifukwa chake m'thankimu mulibe mbuna. M'masitolo a nsomba kuno zilipo, dzina la Malawi litalembedwa pagalasi, ndipo ndikaziona mtima umakhala m'malo. Koma madzi a nyanja yathu ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, pamene carbon dioxide amaitsitsa. Komanso mbuna n'za m'miyala, zimabudula masamba ndi kufukula mizu. Kuziika m'munda ngati wangawu n'kuzizunza, ngakhale ndimazikonda chotani. Ndikadzaziweta zidzakhala ndi thanki yawoyawo, ya miyala ndi mchenga, yopanda botolo.

Ntchito imeneyi yandiphunzitsa kulemekeza zimene kwathu timangozipeza. Kuno kuwala ndimalipira, mpweya ndimagula, ndipo chimodzi chikaposa chinzake munda umadwala. Inu dzuwa ndi mpweya muli nazo zokwanira, kotero chimanga chikafooka, chosowacho chili m'nthaka kapena m'madzi. Mapesi a chaka chino musawatenthe, Achimwene. Carbon wambiri amene chimanga chinakolola mumlengalenga ali m'menemo. Akwirireni m'mizere, awolere m'munda mwanu.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi onse pamudzi.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Leeds